Mbiri ya Baisikopo m'Dziko la Zambia

M'zaka za pakati pa 1940 ndi 1955, mlendo woyenda m'makomboni a ku Migodi ya Mkuwa, kaya ndi ku Luanshya, ku Nkana kapena ku Mufulira, anali kukomana ndi masewera amene makolo sanawadziwe. Tianyamata tinali kuthamangitsana pakati pa nyumba titabvala zipewa za mapepala, m'manja muli timfuti tosema, ndipo pothamangapo tinali kupfuula kuti, "Jeke! Jeke!" Jeke ameneyu sanali mfumu, sanali kapitao wa pa mgodi, ndipo sanapondepo m'Northern Rhodesia. Linali dzina la Cingelezi lakuti Jack, limene anthu anapatsa ngwazi iri yonse ya m'zithunzithunzi za akauboyi, abusa a ng'ombe a ku America oyenda pa akavalo. Kaya ngwaziyo inali ndi dzina lina m'filimumo, kaya wosewerayo anali munthu wochuka kwao ku Hollywood, anthu a m'komboni analibe nazo kanthu. Kwa iwo anali Jeke basi.

Kankhani kameneka kaonetsa mmene baisikopo inakhalira m'dziko lino kuyambira paciyambi. Cithunzi cinali kupangidwa kutali ndi anthu acilendo, koma mau onenedwa pa cithunzico anali a eni dziko. Zinthu ziwirizi, cithunzi ndi mau, zinayenda zaka zambiri ziri m'manja osiyana.

Baisikopo inafika kuno kucokera kum'mwera, njira yomwe inadzera njanji. Ca m'ma 1920 mbusa wina wa ku America, dzina lace Ray Phillips, anayamba kuonetsa zithunzithunzi m'makomboni a migodi ya golide ku Johannesburg. Eni migodi anabvomera kulipira nchitoyo, osati cifukwa ca cifundo cokha ai, koma anaona kuti munthu amene wakhala pansi madzulo kupenya Charlie Chaplin sapita kumowa kapena kukayambitsa ndeu. Phillips anali kuyamba wapenya yekha filimu iri yonse, nadula mbali zimene anaziyesa zosayenera. Chaplin anakondedwa koposa, ndipo anchito anamucha Sidakwa, liu lomwe lija limene m'Cinyanja limveka kuti cidakwa. Amuna ambiri a ku Petauke, ku Lundazi ndi ku Fort Jameson, kumene lero ndi ku Chipata, amene anapita ku Joni, ku Walale ndi ku Wankie kukafuna ndalama za msonkho, anaona baisikopo kumeneko abale ao a kumudzi asanaimve ndi mbiri yomwe. Ku Migodi ya Mkuwa zithunzithunzi zinayamba kuonetsedwa m'caka ca 1928, migodiyo ikali kutsegulidwa kumene.

M'caka ca 1932 kunafika ku Migodi kagulu ka anthu otumidwa ndi bungwe la amishoni la International Missionary Council, mtsogoleri wao ali J. Merle Davis. Anadza kudzaona mmene moyo wa pa mgodi unali kusinthira anthu ocokera kumidzi. Davis anabwerera ali ndi nkhawa kuti mnyamata wokhala pa mgodi zaka ziwiri sanali kumvananso ndi akulu a kwao, ndiponso kuti mafilimu a malonda ocokera ku America adzaonjezera bvutolo. Maganizo ace anali akuti makina omwewo angathe kusanduka mphunzitsi. Anapempha ndalama ku bungwe la Carnegie la ku New York, ndipo m'1935 inayambika nchito yochedwa Bantu Educational Kinema Experiment. Oiyendetsa anali awiri: Major L. A. Notcutt, amene kale anali pa nchito ya minda ya khonje ku East Africa, ndi G. C. Latham, amene anakhalapo mkulu wa maphunziro a anthu akuda m'Northern Rhodesia. Anamanga msasa wao ku Vugiri, m'mapiri a ku Tanganyika, napanga mafilimu 35 m'zaka ziwiri. Popeza mafilimuwo analibe mau, mauwo anali kujambulidwa padera pa mbale za galamafoni m'zinenero zosiyanasiyana, zina mwa izo Cinyanja, Cibemba ndi Citumbuka. Latham ananyamula makina onse pa lole, nayenda mamailosi okwana ngati 9,000 kuonetsa m'midzi, m'mamishoni ndi m'migodi. Kwa anthu ambiri aka kanali koyamba kumva cinenero cao cikutuluka m'makina pamodzi ndi cithunzi coyenda.

Imodzi mwa mafilimuwo inali ya anchito awiri olandira malipiro tsiku limodzi. Wina anakwirira ndalama zace pansi m'nyumba, mbala nimuona, nidzazifukula. Mnzace anakasungitsa zace ku positi ofesi, ndipo sizinatayike. Kapangidwe kameneka, ka Bambo Wanzeru ndi Bambo Citsiru, kanakhala cikombole coumbira mafilimu a Boma kwa zaka pafupifupi makumi atatu. Opangawo anayesa kuti potero ali kutsata nthano za eni dziko, pakuti m'nthano namonso muli Kalulu wocenjera ndi Fisi wopusa. Koma apa mpamene anaphonya. Kalulu wa m'nthano ndi kanthu kakang'ono kamene kapusitsa Njobvu ndi Mkango, eni mphamvu, ndipo omvera amkonda cifukwa sagonjera wamkulu. Wanzeru wa m'filimu anali munthu womvera, wokhoma msonkho pa nthawi yace, wocita zonse zimene mlangizi wa Boma wanena. Motero sikunali kodabwitsa kuti nthawi zina openya anali kusangalala ndi Citsiru, Wanzeru namuiwala asanafike ndi kunyumba komwe.

Nkhondo ya Hitler itayamba m'1939, Boma la Britain linakhazika ku London bungwe la Colonial Film Unit, ndipo mkulu wace anali William Sellers, amene anagwirapo nchito ya zaumoyo ku Nigeria. Sellers anaphunzitsa kuti munthu wa kumudzi satha kutsata cithunzi cofulumira, kuti kamera isamayendeyende, ndi kuti cinthu ciri conse cionetsedwe pang'onopang'ono, osadumpha kanthu. Panali kankhani kamene opanga mafilimu anakonda kuuzana, ka anthu amene anaonetsedwa udzudzu wokuzidwa mpaka kudzaza nsalu yonse, nanena kuti kwao kulibe cirombo cotere, cifukwa cace phunzirolo silikuwakhudza. Kankhaniko kanasimbidwa za maiko ambiri, pena za kuno, pena za uko, monga icitira nthano. Osimbawo sanaganizepo kuti kapena anthuwo anali kungomseka mlendo wao. Ndipo pa nthawi yomweyo ana a ku Luanshya anali kutsata akavalo a Jeke othamanga ngati kabvumvulu, osasocera konse.

M'Northern Rhodesia nchito yoonetsa mafilimu kumidzi inali m'manja mwa ofesi ya Information ku Lusaka, imene inatsegulidwa cifukwa ca nkhondo yomweyo, kuti anthu amve za asilikali ao amene anapita ku Somaliland, ku Abyssinia ndi ku Burma. Ofesiyo inali ndi magalimoto a baisikopo. Galimoto ikafika pa mudzi wa mfumu kapena pa sukulu dzuwa likali m'mwamba, mbiri inali kuwanda msanga, ndipo pofika cisisira bwalo linali litadzaza ndi anthu a m'midzi yozungulira, ana kutsogolo, akulu pambuyo. Nsalu yoyera inali kupacikidwa, injini ya magetsi nkuyamba kulira, kuunika nkudutsa pamwamba pa mitu ya anthu.

Pambali pa makinawo panali kuima munthu mmodzi amene mabuku sachula dzina lace kawirikawiri, ndiye womasulira. Mafilimu ambiri a Boma analibe mau, cifukwa m'dziko la zinenero zambiri cinali capafupi kutuma munthu ndi cokuzira mau koposa kujambula mau a cinenero ciri conse. Womasulirayo anali kupatsidwa pepala la zoti anene. Koma pepala siliona nkhope za anthu. Anthu akayamba kuodzera, iye anali kuponyamo nthabwala. Wosewera akatsegula pakamwa pa nsalu, iye anali kumuika mau. Ndipo pena ndi pena anali kunena zosemphana ndi zimene wolemba pepala anafuna. Akulu a mafilimu anadandaula kawirikawiri kuti omasulira satsata zolembedwa, ndi kuti filimu imodzi inali kusanduka nkhani ina malinga ndi munthu wogwira cokuzira mau. Iwo anaciyesa colakwa cofunika kucikonza. Koma popenya bwino, womasulira ndiye munthu woyamba wa kuno amene anakhala ndi mphamvu pa nkhani ya pa nsalu, ngakhale kuti mphamvuyo sanacite kupatsidwa.

M'1948 maboma atatu a Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland, pothandizidwa ndi ndalama zocokera ku Britain, anakhazika Central African Film Unit ku Salisbury. Mkulu wace anali Alan Izod, wojambula woyamba anali Stephen Peet, ndipo Louis Nell, amene anayamba kujambula m'ofesi ya ku Lusaka, analowamo pambuyo pace. Osewera sanali anthu ophunzira za sewero ai. Anali alimi, aphunzitsi, amesenjala ndi amai a pamalo pomwe filimu inali kujambulidwira, ndipo ena a iwo anaonetsa luso lodabwitsa, makamaka pa zoseketsa. Pofika 1963 bungweli linali litapanga mafilimu oposa 600, kuwerengera pamodzi ndi a nkhani za masiku.

Imodzi yodziwika kwambiri inali Mulenga Goes to Town, nkhani ya mnyamata wa kumudzi wotumidwa ku tauni kukagulitsa nkhuku. Kumeneko akomana ndi zobvuta zokhazokha, nabwerera kwao cimanjamanja. Phunziro lace linali losabisika: mnyamata akhale kumudzi. Koma Boma limene linali kuonetsa filimuyi ndi lomwe linali kufuna msonkho wa ndalama caka ndi caka, ndipo ndalama sizinali kumera m'munda wa cimanga. Mnyamata wa ku Katete wopenya Mulenga anali kuseka ndithu, koma anali kudziwanso bwino cimene cinatengera atate ace ku Walale.

Cimodzimodzi ndi mafilimu a zaulimi. Anali kuonetsa mlimi waulesi amene nthaka yace ikokoloka ndi mvula, ndi mlimi wakhama wokonza migula ndi kuthira manyowa. Zambiri za zophunzitsazo zinali zoona, ndipo sikoyenera kuzinyoza zonse. Nthaka ikokoloka ndithu, kaya wonena ndi Mzungu kaya ndi mfumu. Koma mafilimuwo sanali kuchula cifukwa cace Angoni ndi Acewa a ku Fort Jameson anapanikizana pa nthaka yocepa ndi yoguga, pamene dziko lalikulu linali m'manja mwa kampani ya North Charterland kufikira Boma linaligula m'1941. Kamera iona kumene mwini wace wailozetsa.

M'matauni zinthu zinali zosiyana, pakuti kumeneko anthu anali kulipira pakhomo, ndipo munthu wolipira safuna kulangizidwa za migula. Komabe dzanja la Boma linali pomwepo. Filimu iri yonse yoti ionetsedwe kwa anthu akuda inali kuyamba yapenyedwa ndi bungwe loweruza mafilimu. Ena anali kuloledwa kwa Azungu okha. Ena anali kuloledwa atadulidwa. Zodulidwazo zinali monga akazi obvala zosambira, kukumbatirana kwa nthawi yaitali, ndeu za akazi, njira zakuba zimene munthu angathe kuzitsanzira, zipolowe, anthu obisa nkhope zao ndi zigoba, ndiponso malo onse oonetsa Mzungu atagwidwa ndi kumangidwa ndi anthu a mtundu wina, ngakhale akhale eni dziko la America aja ochedwa Red Indians. Wowerenga mndandanda umenewu aona msanga kuti oweruzawo sanali kuteteza openya okha; anali kutetezanso ulemu wa Mzungu.

Cotsatira cace cinali cakuti filimu yofika m'komboni inali ngati nsalu yodyedwa ndi ciswe. Munthu amene anali moyo pano, mwadzidzidzi wasowa, osaonetsa cimene camucotsa. Mafilimu eni ace anali akale, operepeseka ndi kuzungulira migodi yambiri, ndipo Cingelezi ca ku America coturuka m'makina okalamba cinali cobvuta kumva ngakhale kwa mphunzitsi. Nkhani ikaduka cotero, ndani anali kuilumikiza? Anali openya eni ace.

Mai wina wa ku America wofufuza za makhalidwe a anthu, Hortense Powdermaker, anakhala ku Luanshya m'1953 ndi 1954, ndipo m'buku lace lochedwa Copper Town, lotuluka m'1962, anafotokoza za baisikopo ya pa mgodi wa Roan Antelope. Inali ya pabwalo, yopanda denga. Pa usiku umodzi panali kuonetsedwa nkhani za ku Britain, nkhani za African Mirror, tizithunzi toseketsa tojambula pamanja, ndipo potsiriza akauboyi. Omthandiza ace anali kukhala pakati pa khamu nalemba zimene anthu anali kunena. Zolembazo zionetsa kuti anthu sanali kukhala cete monga acitira Azungu m'nyumba zao za baisikopo. Anali kucenjeza Jeke mdani akamdzera kumbuyo. Anali kuimirira ndi kuponya zibakera m'malere pa nthawi ya ndeu. Anali kufotokozerana, kutsutsana, ndi kuyerekeza za pa nsalu ndi za m'komboni mwao. Cinali cinthu cofanana ndi nthano ya pa moto, pamene wosimba sayenda yekha koma omvera ambvomereza ndi kumthandiza nyimbo.

Nanga Jeke anakondedwa cifukwa ninji? Azungu ambiri, pamodzi ndi abusa ndi aphunzitsi ena akuda, anali kuopa kuti akauboyi aphunzitsa ana upandu, ndipo nkhawa ya makolowo sinali yacabe, pakuti mwana wokulira m'komboni analibe ambuye ndi amalume omlangiza monga kumudzi. Koma munthu amene watha maola asanu ndi atatu pansi pa nthaka, akulamulidwa ndi wina wolandira malipiro omposa kakhumi cifukwa ca khungu lokha, sanafunike womfotokozera ubwino wa ngwazi imene siopa munthu, imenya ndi manja ace, ndipo sigonja. Powdermaker mwini wace anaganiza comweco. Oweruza anadula Mzungu womangidwa, koma Jeke anamsiya, osadziwa kuti openya anali atamlanda kale kukhala wao.

Pamene kamera inali yokanizidwa, mau anapeza khomo lina. Wailesi ya ku Lusaka, imene inayamba m'nthawi ya nkhondo, inakula nikhala Central African Broadcasting Station, youlutsa m'zinenero za anthu a maiko atatu aja. Bvuto linali lakuti mawailesi anali okwera mtengo. Harry Franklin, mkulu wa ofesi ya Information, anayendayenda ku Britain kufunafuna kampani yoti ipange wailesi ya anthu wamba, mpaka kampani ya mabatire ya Ever Ready inabvomera. Wailesiyo inafika m'1949. Inali yobulungira ngati poto wophikira, ndipo cifukwa cace inachedwa Saucepan Special. Mtengo wace unali mapaundi 5, batire lace mashilingi 25. Louis Nell anajambula filimu yochedwa Lusaka Calling yoonetsa anthu ubwino wa wailesiyo, kotero kuti baisikopo inathandiza kugulitsa mnzace amene anadzaiposa. Pakuti pa wailesi oulutsa akuda anali kuimba, kusimba nthano ndi kupanga masewero ao, ndipo Alick Nkhata, msilikali wobwera ku Burma, anadziwika m'nyumba zambiri koposa wosewera ali yense wa m'mafilimu a Boma.

Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, cimene cinayamba m'1953 anthu akuda akucikana, cinaononga cikhulupiriro conse cotsala. Central African Film Unit inalowa m'manja mwa boma la Citaganya, ndipo mafilimu ace ambiri anasanduka otamanda Citaganyaco ndi kuitana Azungu atsopano. Zithunzi zinali zokongola, za madamu, mafakitale ndi anthu omwetulira. Koma openya anadziwa kuti cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyerere. M'masiku amenewo munawanda mphekesera za banyama, anthu oyesedwa ogwira anzao usiku kuti akawacotse magazi, ndipo ngakhale oulutsa a pa wailesi ananenezedwa, monga asimbira Peter Fraenkel m'buku lace la Wayaleshi. Magalimoto a baisikopo, amene kale anali kulandiridwa ndi cimwemwe, m'madera ena anayamba kupeza bwalo lopanda anthu, pena kupitikitsidwa kumene. Citaganya citatha pa mapeto a 1963, bungwelo linatha naco. Mafilimu ace ambiri anatsala ku Salisbury, ndipo nkhope za alimi ndi amai a kuno amene anasewera m'menemo zasungidwa m'nyumba ya zakale ya ku Harare.

Zotsatira zinadza mofulumira. M'September 1960 lamulo linatsegulira anthu a mitundu yonse nyumba za baisikopo, mahotela ndi malo odyera, ndipo ku Kitwe Azungu ena anacita cipolowe pokana. M'December 1961 wailesi ya kanema inayamba ku Kitwe komweko, iri ya kampani, yolinga makamaka kwa Azungu a pa migodi. Inafika ku Lusaka m'1965, ndipo pambuyo pace Boma la Zambia linaitenga. Tsopano kamera inalowa m'manja mwa eni dziko, m'nthambi ya Zambia Information Services. Koma kunena zoona, Bambo Wanzeru ndi Bambo Citsiru sanafe pa 24 October 1964, anangosintha malaya. Mafilimu a Boma latsopano anali a misonkhano ya atsogoleri, a makoparetivu ndi a citukuko, ndipo zosangalatsa za pa kanema zambiri zinali zogula ku Britain ndi ku America. Mtengo wa mkuwa utagwa m'1975, ndalama zopangira mafilimu a nkhani zinasoweratu. M'nyumba za baisikopo za m'matauni munali mafilimu a ku India ndi a karate, ndipo ana a anyamata aja opfuula Jeke anali kudumphadumpha m'misewu akuchula Bruce Lee.

M'zaka zomwezo, za m'ma 1960 ndi 1970, munthu amene anapatsa omva Cinyanja cimene baisikopo inalephera kuwapatsa analibe kamera konse. Ndiye Julius Chongo, wa pulogalamu ya pa wailesi yochedwa Poceza m'Madzulo. Anali kukhala yekha patsogolo pa makina, koma womvera anali kumva mudzi wathunthu: nkhalamba, mwana, mfumu, fisi, mkazi wolongolola, mchona wobwera ku Walale ndi Cingelezi cace cothyokathyoka. Anali kutenga nthano zakale naziumbanso, ndipo anali kupeka zatsopano za moyo wa m'tauni, za ufiti, za cinyengo ndi za maukwati. Mphamvu yace inali m'timau tija timene Cinyanja cijambula nato zinthu, monga kuti phwii, zii, gwede, balala. Ndi timeneto anali kuonetsa munthu akugwa, nyumba itakhala bata, khamu likumwazika, mwini wace osacoka pa mpando. Anali mdzukulu weniweni wa womasulira wa pa galimoto uja, kungoti iye analibe pepala la munthu wina loti alitsate kapena kulizemba. Masewero ace ena analembedwa ndi kusindikizidwa m'buku ndi Ernst Wendland.

Cimene cinatsitsa mtengo wa cithunzi ndi makina a vidiyo, osafuna filimu yogula kunja. Masewero a pa kanema anaculuka: Kabanana pa ZNBC kuciyambi kwa zaka za m'ma 2000, Banja pa Muvi TV, ndipo m'2018 Mpali pa Zambezi Magic, nkhani ya mlimi wolemera Nguzu ndi mitala yace. M'masewero amenewa osewera alankhula monga alankhulira anthu m'misika ya mu Lusaka, Cinyanja, Cibemba ndi Cingelezi m'kamwa limodzi, ndipo palibe mlangizi wobwera pa mapeto kudzanena amene walakwa.

M'2017 munatuluka filimu yochedwa I Am Not a Witch, yolembedwa ndi kutsogoleredwa ndi Rungano Nyoni, mai wobadwira mu Lusaka nakulira ku Wales. Ndi nkhani ya kamtsikana kamasiye, Shula, konenezedwa ufiti, kamene katumizidwa kukakhala ndi amai okalamba onenezedwa comweco. Onsewo amangidwa ku nsana ndi nsalu yaitali yoyera yokulungidwa pa cigudumu, kuti angauluke, ndipo Shula auzidwa kuti akaidula adzasanduka mbuzi. Mkulu wa Boma, Bambo Banda, amene anaseweredwa ndi Henry B. J. Phiri, ayenda naye uku ndi uku kupanga naye ndalama. Pano munthu wa Boma sindiye Wanzeru ai. Maggie Mulubwa, amene anakhala Shula, anali asanasewerepo n'kale lonse, monga alimi aja a m'masiku a Peet ndi Nell. Kusiyana kwace nkwakuti dzina lace linadziwika m'maiko ambiri. M'2018 filimuyi inalandira mphotho ya BAFTA ku London, ndipo m'2024 Nyoni analandiranso mphotho ya utsogoleri wa filimu ku Cannes cifukwa ca On Becoming a Guinea Fowl, nkhani ya maliro ndi zinsinsi za pa banja.

Ndalama zambiri zopangira mafilimu awiriwa zinacokera kunja, makamaka ku Ulaya, ndipo anthu a ku Ulaya anayamba kuwaona anthu a ku Chadiza kapena ku Nyimba asanawaone. Koma pamene anaonetsedwa ku Cannes ndi ku London, osewera anali kulankhula Cinyanja ndi Cibemba pa nsalu, ndipo Azungu okhala mumdimawo anali kuwerenga timau tomasulira tolembedwa m'munsi mwa cithunzi, kuti atsate nkhani.